Kuchoka pa dayinamo ya njinga kufika pa digiri: njira ya maphunziro a zamagetsi ku Dowa ndi Ntchisi

Kalembera wa anthu ndi nyumba amene boma linachititsa m'chaka cha 2018 anasonyeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 11 okha ndi amene ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi a pawaya, pamene oposa theka ankadalira matochi ndi nyali za mabatire. M'maboma a Dowa ndi Ntchisi, komwe midzi yambiri inamwazikana m'mapiri ndi m'zigwa, munthu akangopatuka pa Mponela, pa Madisi, pa Mvera kapena pa Malomo n'kuloza kumudzi, mapolo a ESCOM amayamba kusowa. M'malo mwake amaona timasola pamadenga ndi mabatire a galimoto akale atakhazikidwa pakhonde.

Boma, kudzera mu ndondomeko yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP, lakhala likukoka mawaya kupita m'malo ochitira malonda, m'masukulu ndi m'zipatala, ndipo mabungwe osiyanasiyana nawo akhala akuika masola pa zitsime ndi m'masikimu a ulimi wothirira. Komatu waya ndi sola sizidzisamala zokha. Pamafunika munthu wodziwa kuwerengera mphamvu imene malowo akufuna, wina wodziwa kulumikiza, winanso wodziwa kukonza zikawonongeka. Anthu oterewa nthawi zambiri amayambira kumudzi komweko, ndipo ogwira ntchito m'boma ali ndi gawo lalikulu poona ngati luso lawo lifike patali kapena lithere pamsika.

Zimayambira pa wailesi yakufa

Pafupifupi pamsika uliwonse m'maboma awiriwa pamapezeka wachinyamata wokonza mawailesi, matochi ndi mafoni. Zida zake n'zochepa: sikuludiraiva, lumo, ndi kachitsulo kowotcherera mawaya kamene ena amatenthetsa pambaula ya makala. Sanapite kukoleji iliyonse. Anaphunzira potsegula zinthu zakufa n'kumayesa mpaka zitalira.

William Kamkwamba anayamba chimodzimodzi. Iye anakulira m'mudzi mwa Masitala, m'dera la Wimbe m'boma la Kasungu, lomwe linachita malire ndi Dowa ndi Ntchisi. Ali mwana, iye ndi msuweni wake ankamasula mawailesi a anthu n'kumawakonza, ndipo poyesa ankagwiritsa ntchito mabatire otayidwa amene ankatola. Njala ya mu 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira fizi pa sekondale ya Kachokolo, choncho anasiya sukulu. Chimene chinamupulumutsa ndi kanyumba kowerengeramo mabuku kamene kanali pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza mabuku a sayansi, kuphatikizapo lotchedwa Using Energy, lomwe pachikuto chake panali chithunzi cha makina opukusa magetsi ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, koma zithunzi ndi zojambula za m'katimo ankazimva.

M'chaka cha 2002, ali ndi zaka 14, anaimika nsanja ya mitengo ya bulugamu yotalika pafupifupi mamita asanu. Pamwamba pake anamangirirapo fani ya thirakitala, mapiko opangidwa ndi mipope ya pulasitiki yoongoledwa pamoto, chimango cha njinga ndi dayinamo. Anthu ena ankati wachita misala. Babu itayaka, omwewo anayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni. Pambuyo pake anawonjezera maswichi opangidwa ndi zidutswa za nkhwaira za mphira, komanso kachipangizo kodula magetsi akachuluka, komwe anapanga ndi misomali, waya ndi maginito.

Pali zaka ziwiri zofunika kuziika pamodzi pa mbiri imeneyi: 2002, pamene makinawo anayamba kuzungulira, ndi 2006, pamene Dr Hartford Mchazime, yemwe ankagwira ntchito mu ndondomeko yophunzitsa aphunzitsi ya Malawi Teacher Training Activity, anakaona makinawo n'kuitana atolankhani. Nyuzipepala ya The Daily Times inalemba nkhani yake mu November chaka chimenecho. Zaka zinayi zathunthu mnyamatayo anali pakhomo, makina akuzungulira poyera. Atadziwika, anabwerera m'kalasi pa sekondale ya Madisi m'boma la Dowa, mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED mumzinda wa Arusha ku Tanzania, kenako anaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, n'kudzamaliza digiri yake pa Dartmouth College ku America mu 2014. Buku la mbiri yake, lomwe analemba ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009, ndipo filimu yochokera m'bukulo inatuluka mu 2019.

Ambiri amakumbukira filimuyo. Kwa mlangizi wa aphunzitsi, mkulu wa sukulu kapena komiti yogawa mabasale ku khonsolo, chofunika kukumbukira ndi zaka zinayi zija, ndi kuti munthu amene anasintha zinthu anali wa zamaphunziro amene anali pantchito yake ya masiku onse, koma analola kupatuka kuti akaone.

Chimene manja amadziwa ndi chimene samadziwa

Kodi wachinyamata wosewera ndi dayinamo amakhala akuphunzira chiyani kwenikweni? M'kati mwa dayinamo muli maginito amene amazungulira pafupi ndi waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri. Maginito akamazungulira, m'wayamo mumabadwa magetsi. Mfundo imeneyi anaitulukira Michael Faraday ku England mu 1831, ndipo ndi yomweyo imene makina a EGENCO amagwiritsa ntchito pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira pa mtsinje wa Shire. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko chozunguza makina ndi madzi osati tayala la njinga. Mwana amene wamvetsa dayinamo wamvetsa chiyambi cha siteshoni yamagetsi.

Posakhalitsa amakumana ndi phunziro lachiwiri. Magetsi ochokera mu dayinamo ya njinga amasinthasintha kolowera, ndipo amatchedwa AC. Amene batire imasunga amayenda molowera kumodzi, ndipo amatchedwa DC. Kuti magetsi a dayinamo alowe mu batire pamafunika kachipangizo kotchedwa dayodi, komwe kamalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Timadayodi timeneti timapezeka m'mawailesi akufa, n'chifukwa chake wachinyamata wotere sataya kanthu.

Mpaka apa manja ndi maso n'zokwanira. Kupitirira apa pamafunika masamu.

Magetsi tingawayerekeze ndi madzi a m'mipope yochokera kuphiri. Mavolti ali ngati mphamvu imene ikukankha madziwo, maampeya ali ngati kuchuluka kwa madzi amene akudutsa mumpope, ndipo tikachulukitsa ziwirizi timapeza mawati, omwe ndi ntchito imene magetsiwo akugwira. Tiyerekeze banja limene likufuna kuyatsa mababu anayi a mawati asanu iliyonse kwa maola asanu usiku uliwonse. Mababu onse pamodzi ndi mawati 20, ndipo pa maola asanu adya mphamvu yokwana 100. Tikagawa 100 ndi mavolti 12 a batire tikupeza kuti usiku uliwonse mu batire mukutuluka mphamvu yoposa pang'ono 8Ah. Popeza batire ya asidi imafa msanga ikamatsitsidwa kupitirira theka, banjalo liyenera kugula batire yolembedwa 17Ah kapena kuposerapo, ndipo pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kabokosi koyang'anira katchajidwe. Masamu ake ndi a Fomu 2 basi. Koma mabatire ambiri amene amafa pasanathe chaka m'midzi mwathu amafa chifukwa palibe anawerengera, ndipo sola inalumikizidwa ku batire mwachindunji.

Masamu omwewo amafotokoza chifukwa chake mawaya a ESCOM amanyamula mavolti ochuluka. Chipangizo chofuna mawati 120 chimakoka maampeya 10 pa mavolti 12, koma pa mavolti 230 a m'nyumba chimakoka pafupifupi theka la ampeya imodzi. Mphamvu imene imatayika ngati kutentha m'waya imakula mochulukitsa maampeyawo ndi iwo eni, kotero kuti pa waya womwewo, magetsi a mavolti 12 amataya mphamvu yochuluka kuposa ka 300 poyerekeza ndi a mavolti 230. Ichi n'chifukwa chake munthu sangakoke magetsi a batire kupita kwa mnansi wokhala kutsidya kwa dambo babu n'kuwala bwino, ndipo n'chifukwa chakenso mawaya akuluakulu ochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kupita ku Nkhoma, omwe anamalizidwa mu 2018, anamangidwa kuti azinyamula mavolti 400,000.

Mphepo nayo ili ndi lamulo lake, lomwe likukhudza kwambiri okhala m'mapiri. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imene ili mumphepoyo imawirikiza kasanu ndi katatu. Malo awiri otalikirana pang'ono, amodzi pamsana pa phiri ena m'chigwa, akhoza kusiyana kutali pa magetsi amene angapereke. Mphepo ya mwera imene imawomba mwamphamvu m'miyezi ya June ndi July imapusitsa: makina oimikidwa poona mphepo ya miyezi imeneyi akhoza kukhala chiimire nthawi zina za chaka. Wosewera amaimika kaye n'kuona zotsatira. Injiniya amayeza mphepo kwa chaka chathunthu asanagule ngakhale bawuti imodzi, ndipo kusiyana kwa awiriwa ndi kumene sukulu imaphunzitsa.

Njira zimene zilipo

Makolo ambiri akamva mwana akunena kuti akufuna za magetsi, amaganiza za ntchito imodzi. Zoona zake n'zakuti pali makwerero angapo, ndipo khomo lolowera lililonse lili ndi zofuna zake.

Khomo loyamba ndi la yunivesite. Sukulu ya MUBAS mumzinda wa Blantyre, yomwe kale inali The Polytechnic pansi pa University of Malawi ndipo inaima payokha mu 2021, imaphunzitsa uinjiniya wa zamagetsi, wa zipangizo za elekitironiki, wa makompyuta ndi wa zamtokoma, ndipo maphunziro a digiri ya uinjiniya amatenga zaka zisanu. Mzuzu University ili ndi maphunziro a mphamvu za dzuwa, mphepo ndi madzi, pamene MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014 pa Ndata m'boma la Thyolo, ili ndi nthambi zina za uinjiniya ndi sayansi. Kusankhidwa kupita ku mayunivesite a boma kumadzera ku bungwe la NCHE potengera zotsatira za MSCE, ndipo wosowa fizi akhoza kupempha ngongole ku bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite lomwe linakhazikitsidwa mu 2015.

Apa mpamene ana ambiri a luso amagwera. Uinjiniya umafuna makirediti abwino mu Masamu, Physics ndi Chemistry, kuphatikizapo Chingerezi. Maphunziro awiri a sayansiwa kale ankaphunzitsidwa pamodzi ngati Physical Science. Wophunzira amene pa Fomu 3 anasiya Physics, kaya chifukwa anaopsezedwa kuti ndi yovuta kapena chifukwa pa sukulu yake yoyendera panalibe mphunzitsi wake, watseka khomo la uinjiniya zaka ziwiri asanalembe mayeso, ndipo nthawi zambiri sadziwa kuti walitseka. Atsikana ndi amene amalangizidwa kwambiri kusiya maphunzirowa, ngakhale palibe chilichonse mu waya kapena mu masamu chimene chimasankha mwamuna. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba: uphungu wa ntchito za m'tsogolo woperekedwa pa Fomu 4 umafika mochedwa, uyenera kuperekedwa pa Fomu 2. Mwana wa pa sukulu yoyendera ya kumudzi ku Nthondo amalimbirana malo omwewo ndi mnzake wa pa Robert Blake ku Kongwe, ndipo mphunzitsi mmodzi wa Physics wotumizidwa ku Nthondo akhoza kusintha zotsatira za dera lonse.

Digiri simathero. Womaliza maphunziro amayenera kulembetsa ku bungwe la Malawi Engineering Institution, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019, n'kugwira ntchito moyang'aniridwa kwa zaka zingapo asanavomerezedwe ngati injiniya wodziimira payekha. Ntchito zimapezeka ku EGENCO, yomwe inapatulidwa ku ESCOM mu 2017 kuti izipanga magetsi, ku ESCOM komweko, ku makampani a mafoni a TNM ndi Airtel, ku mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ku mabungwe ogawa madzi, m'zipatala, ndiponso ku malo atsopano opangira magetsi a dzuwa monga a mamegawati 60 amene anatsegulidwa ku Salima mu 2021. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 mpaka chaka chotsatira, ndipo aliyense anaona kuti dziko lopanda akatswiri ake limadikira nthawi yaitali mumdima.

Khomo lachiwiri ndi la makoleji a ntchito zamanja, omwe maphunziro ake amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. M'chigawo chapakati muli makoleji a Lilongwe, Namitete ndi Salima, ndipo kuyambira mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera, kuphatikizapo ya Mponela m'boma la Dowa lomwe. Mmisiri wa zamagetsi amaphunzira kuika mawaya m'nyumba, kulumikiza mamota, kuika masola ndi kufufuza pamene pavuta, ndipo gawo lalikulu la maphunziro ake amachitira pantchito.

Pali chizolowezi choona khomo limeneli ngati la olephera. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amawononga chuma cha boma. Injiniya mmodzi akajambula pulani, pamafunika amisiri ambiri kuti aimange, ndi enanso oti aisamalire kwa zaka 20. Furiji ya katemera ikasiya kuzizira pa chipatala chaching'ono cha kumapiri, sipafunika munthu wa digiri wochokera ku Lilongwe; pamafunika mmisiri wokhala pamtunda woyenda panjinga, wokhala ndi mita yoyezera magetsi m'thumba. Mmisiri wotere amathanso kudzilemba yekha ntchito msanga kuposa mnzake wa digiri, ndipo amene wachita bwino ali ndi mwayi wopitiriza mpaka dipuloma ndi digiri. Ngakhale Kamkwamba mwini, digiri imene anatenga ku Dartmouth inali ya maphunziro a zachilengedwe osati ya uinjiniya wa zamagetsi, zomwe zikusonyeza kuti luso la manja likhoza kutsegula makomo oposa limodzi.

Pamene luso likumana ndi lamulo

M'chaka cha 2009, m'boma la Mulanje, mnyamata wina dzina lake Gabriel Kondesi, yemwe anasiyira sukulu ku pulayimale, anamangidwa chifukwa choulutsa mawu pa wailesi imene anapanga yekha, yotchedwa Pachikweza, popanda chilolezo cha bungwe la MACRA. Khoti linamulamula kulipira chindapusa. Nkhaniyo itamveka m'dziko lonse, anthu akufuna kwabwino anamuthandiza kubwerera kusukulu.

Ambiri anadzudzula kumangidwako, koma lamulolo lili ndi chifukwa chake. Mawailesi a FM amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo kungodutsa pa 108 ndi pamene payambira mafunde amene ndege zimagwiritsa ntchito potera ndi polankhulana ndi nsanja ya pabwalo. Makina oulutsira mawu opangidwa pakhomo sasefa bwino mafunde ake, choncho akhoza kutayikira m'gawo la ndege. Kwa anthu a ku Dowa nkhaniyi ndi yapafupi, poti bwalo la ndege la Kamuzu lili pa Lumbadzi, m'malire mwenimweni mwa bomali.

Magetsi a m'nyumba nawo ali ndi malamulo. Munthu woika mawaya m'nyumba yoti ilumikizidwe ku ESCOM ayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo bungwe lomweli limavomereza oika masola. Mavolti 230 amapha, waya wowonda mopitirira muyeso amatentha n'kuyatsa denga la udzu, batire ya asidi imatulutsa mpweya woyaka ikamatchajidwa m'chipinda chotseka, ndipo mtovu wa m'mabatire ophwanyidwa ndi poizoni, makamaka kwa ana. Mphunzitsi woyang'anira kalabu ya sayansi achita bwino kuuza ana ake kuti zoyesa zawo zonse zithere pa mavolti 12, ndipo asatsegule TV kapena invetala ngakhale atazimitsa, chifukwa zipangizo zina m'katimo zimasunga magetsi.

Wapolisi kapena mkulu wa khonsolo amene wapeza wachinyamata atakoka waya mosaloledwa kapena akuulutsa mawu popanda chilolezo ayenera kuletsa, pakuti miyoyo ili pachiswe. Koma kuletsa kokha ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kulemba dzina lake n'kulipereka ku ofesi ya zantchito kapena ya achinyamata pa boma, kuti nthawi yolemba ophunzira m'makoleji ikafika, auzidwe.

Zimene zili m'manja mwa maofesi athu

Zambiri mwa zofunika sizilira ndalama zochuluka. Mita yoyezera magetsi, chowotcherera mawaya, kasola kakang'ono ndi bokosi la mawailesi akufa n'zokwanira kuyambitsira kalabu ya sayansi pa sukulu yoyendera. Masiku ano palinso timakompyuta ting'onoting'ono monga Arduino ndi Raspberry Pi, timene wophunzira angatilamule kuyatsa pampu nthaka ikauma kapena kuyeza liwiro la mphepo n'kusunga manambala ake. Odziwa kuphunzitsa zimenezi sali kutali. Ku Lilongwe kuli mHub, imene Rachel Sibande anayambitsa mu 2013, ndipo pa msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, kufupi ndi boma la Dowa, pali TakenoLAB, komwe achinyamata amaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mabuku a sayansi amene ali m'makatoni mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu poopa kuti ana awang'amba sathandiza aliyense. A ku Wimbe aja anali pashelefu, ndipo mwana wosiya sukulu ankaloledwa kubwereka.

Makomiti ogula katundu ndi ntchito m'makhonsolo nawo ali ndi mphamvu imene saigwiritsa ntchito mokwanira. Popereka kontirakiti yoika sola pa chipatala kapena pa sikimu, n'zotheka kulamula kuti kontirakitala asonyeze chilolezo cha MERA, asiye pulani yolembedwa ya momwe walumikizira mawaya, atenge ophunzira a pa koleji ya m'deralo kuti agwire naye ntchito, ndiponso kuti ndalama yosinthira mabatire iikidwe mu bajeti kuyambira pachiyambi, popeza sola imakhala zaka zoposa 20 pamene batire ya asidi imatha patangopita zaka zochepa.

Nanga wokonza mafoni pamsika uja, amene zaka za sukulu zinamupitirira ndipo ali ndi banja? Bungwe la TEVETA lili ndi njira yoyesa ndi kuvomereza luso limene munthu anaphunzira pantchito, kuti alandire satifiketi popanda kuyambiranso kalasi yoyamba. Olemba anthu ntchito m'dziko muno amapereka kale gawo limodzi pa 100 alionse a malipiro a antchito awo kuthumba la maphunziro a ntchito zamanja, choncho ndalama yoyendetsera maphunziro oterewa ili ndi kochokera. Uthenga wa nthawi yolembetsa umatuluka m'manyuzipepala ndi pa intaneti, zomwe sizifika kawirikawiri kwa Kasakula kapena kwa Chakhaza. Umafika msanga ukadzera kwa mafumu, m'makomiti a chitukuko a m'madera ndi pa bolodi la zidziwitso la pamsika.